Mmisiri Akabwera ndi Tabuleti M'malo mwa Kope

Aliyense amene anakonzetsapo nyumba akuwadziwa mawu amene amadula ubale pakati pa mmisiri ndi mwini nyumba: "Sitinagwirizane choncho." Amatuluka ntchito ili pakati, simenti itathera panjira, khoma lina litapakidwa penti pomwe lina silinakhudzidwe n'komwe. Mwini nyumba amakumbukira kuti mtengo umene anauzidwa unali wa ntchito yonse, ndi bafa lomwe. Mmisiri amakumbukira kuti za bafa sizinatchulidwe. Mwina palibe amene akunama. Anakambirana ataimirira panja dzuwa likuswa mtengo, wina akuloza ndi chala, wina akugwedeza mutu, ndipo chimene chinalembedwa ndi nambala imodzi yokha pachidutswa cha thumba la simenti, chomwenso chinakoleza mbaula tsiku lomwelo.

Ambiri a ife achinyamata ndi amene timapezeka pakati pa mikangano yotereyi. Makolo akafuna kusintha denga kapena kuika matailosi amatuma ife kuti tizilankhula ndi mmisiri, poti ndife odziwa za mafoni. Achimwene amene ali ku Joni akatumiza ndalama zokonzera nyumba, woyang'anira ndi ife. Enanso mwa ife ndi amisiri enieniwo, omaliza maphunziro a zomangamanga, za mipope kapena za magetsi m'makoleji a ntchito zamanja amene ali pansi pa TEVETA, ndipo akufunafuna njira yoti kasitomala awakhulupirire ngakhale alibe imvi.

Ntchito yanga ndi yolembera mabizinesi ang'onoang'ono zoika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mwa amene ndimawalembera muli kagulu ka amisiri a mu Lilongwe amene amakonza nyumba zakale: kuika matailosi ndi siling'i, kusintha mapaipi, kupenta, kupanga makabati a kukhitchini. Foromani wawo, bambo wachikulire pang'ono amene anayamba ntchitoyi ali wothandizira kusakaniza matope, amayenda ndi tabuleti ya Android yokhala m'chikwama cha labala, yong'aluka pakona. Ndinayenda nawo milungu ingapo pojambula zithunzi za ntchito yawo, ndipo ndinayamba kuchita chidwi ndi chipangizocho kuposa zithunzi zimene anandituma.

Bwanji osangogwiritsa ntchito foni?

Funso limeneli ndinali nalo tsiku loyamba, chifukwa chilichonse chimene tabuleti imachita, foni yabwino imachitanso. Yankho lake ndinaliona pabalaza pa banja lina ku Area 25. Foni ndi ya munthu mmodzi. Ukamaonetsa munthu chithunzi pa foni yako umaigwira wekha, mtima uli m'mwamba kuopa kuti angasunthe chala n'kuona zina, kapena kuti uthenga wa bwenzi ungatulukire pamwamba. Kasitomala amangosuzumira pang'ono n'kuvomera asanaone bwinobwino. Tabuleti imene mulibe china chilichonse koma za ntchito, mmisiri amaipereka m'manja mwa eni nyumba, iye n'kukhala pansi kudikira.

Sikirini ya mainchesi 10 imakwana anthu atatu kuyang'ana nthawi imodzi. Tsiku limenelo bambo anaigwira, mayi anasendera pafupi, ndipo agogo a maso otopa anapempha kuti chithunzi achikulitse. Pa pulani ya khitchini imene foromani anajambula ndi chala pamwamba pa chithunzi cha chipindacho, amayi aja anaona kuti sinki ikupita kukona kopanda zenera, ndipo anati iwo sangatsuke mbale mumdima magetsi akazima. Sinki inasunthidwa pa sikirini pomwepo, paipi isanagulidwe n'komwe.

Apa pali chimene sitichinena kawirikawiri. M'mabanja ambiri zokambirana ndi mmisiri zimachitikira pageti kapena kuseri kwa nyumba, pakati pa amuna awiri. Amene adzaphike m'khitchinimo, kukolopa matailosiwo ndi kusambitsa ana m'bafamo amaona zotsatira zake ntchito itatha. Chipangizo chimene chimasamutsa nkhaniyo kuchoka pageti kupita pabalaza, kwa ine, chabweza kale gawo la mtengo wake.

Masamu achitikire pamaso pa kasitomala

Pa ulendo woyamba, foromani uja sayamba ndi mtengo. Amayamba ndi kujambula chipinda chilichonse chimene chikhudzidwe, ndipo amasamala kwambiri zimene zinali zowonongeka kale: mng'alu wa pakhoma, galasi losweka la zenera, chitseko chimene chiswe chinadya, banga la madzi pa siling'i. Zithunzizo zimasunga tsiku limene zajambulidwa. Mawa mwini nyumba akati anyamata ake ndi amene aswa galasi, palibe chifukwa chokwezerana mawu. Nayenso mwini nyumba amatetezedwa chimodzimodzi, chifukwa ngati galasilo linali labwinobwino pachithunzi, mmisiri sangakane.

Kenako amayeza ndi tepi, tepi yeniyeni yachitsulo, n'kulemba miyezo pachithunzi chomwecho. Chimene chinandisangalatsa ndi choti masamu amachitika kasitomala akuona. Tiyerekeze chipinda cha mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Amenewo ndi masikweya mita 12. Tailosi ya masentimita 60 mbali zonse imaphimba 0.36 ya sikweya mita, ndipo bokosi lokhala ndi matailosi anayi otere limaphimba 1.44. Mukagawa 12 ndi 1.44 mupeza mabokosi 8 ndi kachidutswa, ndiye kuti 9. Koma matailosi amadulidwa m'mbali mwa khoma ndipo ena amasweka, choncho amisiri amawonjezera pafupifupi 10 peresenti. Masikweya mita amafika 13.2, mabokosi n'kukhala 10.

Mmisiri akangonena pakamwa kuti mabokosi 10, kasitomala amene anawerengera 9 payekha amayamba kuganiza kuti bokosi linalo likupita kwa mmisiri. Kunena zoona, mantha amenewa si opanda maziko. Nkhani za simenti yotuluka pawilibala madzulo tonse tinazimvapo. Koma manambala akamasintha pa sikirini iye akuona, ndipo afotokozeredwa kuti otsala adzakhala ake oti adzasinthire tailosi ikadzasweka, kukayikira kumachepa. Foromani amajambulanso chizindikiro cha pabokosi, chifukwa matailosi a dzina limodzi koma opangidwa nthawi zosiyana amatha kusiyana mtundu pang'ono. Akaperewera, amene akupita ku hardware amapita ndi chithunzicho.

Masamu amenewa safuna pulogalamu yodula. Iwo amagwiritsa ntchito Google Sheets, imene imatsegukanso popanda intaneti ngati mwaikonzeratu kutero. Anailemba kamodzi mothandizidwa ndi mwana wa mlongo wawo, ndipo tsopano amangolowetsamo miyezo ndi mitengo ya tsikulo.

Kotesheni m'dziko limene mitengo sigona

Mtengo wa tsikulo ndi nkhani yaikulu kuno kwathu. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Matailosi ambiri, zitsulo za m'bafa, mawaya ndi zopangira penti zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsata ndalama zakunja. Simenti nayo imati ikasowa, mtengo wa thumba la makilogalamu 50 umasintha pakati pa Lolemba ndi Lachisanu. Kotesheni ya pakamwa imene inaperekedwa mwezi watha, lero yasanduka nthano.

Mmisiri amene anatchula nambala imodzi ya zonse ali ndi njira ziwiri zokha mitengo ikakwera: abwerere kwa kasitomala kukanena kuti bwana zinthu zakwera, n'kuoneka ngati tambwali, kapena akhale chete n'kuchepetsa simenti m'matope. Njira yachiwiriyi ndi imene imabala pulasitala wogumuka dzinja likangoyamba.

Kotesheni imene ndinaiona pa tabuleti ija ili ndi zigawo ziwiri zosiyana. Mbali ina ndi ya zipangizo, chilichonse pamzere wake, kuchuluka kwake, mtengo wake ndi tsiku limene mtengowo unafunsidwa. Mbali ina ndi ya malipiro a amisiri, amene sasintha pokhapokha ntchito itasintha. Pansi pali chiganizo chonena kuti mitengo ya zipangizo igwira ntchito masiku owerengeka okha. Palinso mzere umene ndimauona kuti ndi wofunika kuposa yonse, wa zimene sizili m'kati mwa mtengowo: kuchotsa zinyalala, thiransipoti ya mchenga, madzi ngati pampopi pauma, chakudya cha masana cha anyamata. Nkhani ya nsima ya amisiri yokha yadanitsapo anthu ambiri kuposa mmene mungaganizire.

Mawu a m'kotesheni amafunikanso kukhala olunjika. "Malata 30" si zokwanira. Malata a geji 28 ndi okhuthala kuposa a geji 32, poti nambala ikachepa lata limakula thupi, ndipo mitengo yake ndi yosiyana kwambiri. Zikalembedwa, mwini nyumba amadziwa choti ayang'ane galimoto ikabwera kudzatsitsa.

Akamaliza kukambirana, kotesheniyo imasandutsidwa PDF, kasitomala amasaina ndi chala pa sikirini, ndipo imatumizidwa ku WhatsApp yake asanadzuke pampando. PDF ndi yabwino kuposa uthenga wamba chifukwa uthenga wa pa WhatsApp wolemba akhoza kuusintha m'mphindi 15 zoyambirira, kapena kuufufuta kwa onse patapita tsiku. Fayilo imene mwaisunga pa foni yanu ndi yanu. Ndipo zimenezi si zongokometsera: lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza kuti uthenga wa pa foni kapena pa kompyuta ukhoza kulandiridwa ngati umboni kukhoti. Ambiri sadzafika kukhotiko, koma kudziwa kuti pali cholembedwa kumapangitsa onse awiri kulankhula mosamala.

"Mungotiwonjezerako apa"

Ntchito yokonza nyumba yakale imasiyana ndi yomanga yatsopano chifukwa khoma limabisa zambiri. Mumagumula tailosi imodzi n'kupeza paipi yachitsulo yodyeka ndi dzimbiri. Mumachotsa siling'i n'kupeza mitengo ya denga itafumbwa. Nawonso eni nyumba akaona kuti amisiri ali pakhomo, amakumbukira zina. Mayi amati poti mwabwera kale mungotiikirako shelefu apa, bambo amati kakhonde akanso mukapakeko. Mmisiri amavomera mwaulemu, chifukwa kukana munthu m'nyumba mwake n'kovuta, ndipo nkhani ya ndalama imasiyidwa kuti tidzaona kumapeto. Kumapetoko ndi kumene kumayaka moto.

Chizolowezi cha foromani uja n'chosavuta. Chilichonse chatsopano amachijambula, kulemba chiganizo chimodzi ndi mtengo wake, n'kutumiza kwa amene amalipira. Ntchitoyo siyamba mpaka yankho litabwera, kaya ndi mawu olemba kaya ndi voice note. Poyamba ndinkaona ngati n'kuuma mtima kulembera munthu mtengo wa kashelefu. Nditaona kuti makasitomala ambiri amayankha kuti shelefuyo idikire kaye, ndinazindikira kuti anthu amapempha zowonjezera chifukwa sakuona ndalama zikuyenda. Akaziona amasankha okha, ndipo palibe amene amakhumudwa.

Mwini nyumba ali ku Johannesburg

Gawo limene tabuleti imagwira ntchito kwambiri ndi pamene wolipira ali kutali. Pali Amalawi ambiri ku South Africa, ku Britain ndi kwina amene amatumiza ndalama kudzera ku Mukuru kapena kubanki kuti nyumba ya makolo ikonzedwe, kapena kuti yawo ikhale yoti alowemo alendi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani za munthu amene anatumiza ndalama zaka zitatu n'kudzapeza maziko okha zimakambidwa m'maminibasi mpaka lero, ndipo chopweteka n'choti nthawi zambiri wodya ndalamayo amakhala wachibale.

Pa nyumba ina ku Kawale, mwini wake anali ku Johannesburg, ndipo woyang'anira anali mlongo wake wamng'ono, wa msinkhu wanga. Foromani anatsegula gulu la WhatsApp la anthu atatu. Madzulo alionse ankatumizamo zithunzi zojambulidwa ataima pamalo amodzimodzi, kuti kusintha kuoneke, pamodzi ndi malisiti a zimene zagulidwa. Loweruka ankaimba foni ya vidiyo n'kuyenda ndi tabuleti chipinda ndi chipinda, mwini nyumba akulamula kuti bwererani, yandikirani pakonapo, tsegulani mpopiwo ndione.

Amene anapepukidwa kwambiri anali mtsikana uja. Anandiuza kuti kale achimwene ake ankamufunsa mafunso amene ankamveka ngati akumuganizira zakuba, iye n'kumalephera kufotokoza chifukwa chake simenti yatha msanga. Tsopano mafunso amapita kwa mmisiri, pagulu, ndipo iye ntchito yake ndi kutsimikiza kuti zimene zili pachithunzi ndi zimene zili pansi. Chithunzi chikhoza kubisa khoma lina, choncho munthu wa maso amafunikabe.

Ndalama nazo amazigawa m'magawo: dipoziti ya zipangizo, gawo lina ntchito ikafika pakati, lomaliza mwini nyumba akayendera n'kukhutira. Zambiri zimadutsa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo nambala ya umboni wa malipiro imalembedwa pafupi ndi gawo lake. Amisiri achinyamata samalani apa: chithunzi cha uthenga wa malipiro si ndalama. Anthu amapanga zithunzi zabodza ndi mauthenga abodza ooneka ngati enieni. Yang'anani balansi pa foni yanu musanatume munthu kukagula zipangizo.

Pamene sikirini imanama

Sindikufuna muganize kuti aliyense wonyamula tabuleti ndi katswiri. Chipangizo chomwecho chimene chimaonetsa zoona chimaonetsanso zabodza mokongola kwambiri. Pa Facebook pali masamba a amisiri odzaza ndi makhitchini owala amene anatengedwa pa Pinterest, ena ojambulidwa m'mayiko a chipale chofewa chimene chikuonekera pazenera. Masiku ano kwabweranso zithunzi zopangidwa ndi AI, za zipinda zimene sizinamangidwepo kulikonse. Munthu akakuonetsani ntchito zake, mupempheni chithunzi cha malo omwewo ntchito isanayambe, china ili m'kati, anyamata ake akuonekamo. Kenako pemphani kukaona nyumba imodzi ndi maso, eni ake atavomera. Mmisiri weniweni sakwiya ndi pempho lotere.

Bodza lina si la munthu koma la sikirini yeniyeniyo, ndipo limakhudza penti. Sikirini imatulutsa kuwala kwakekwake, pomwe khoma limabweza kuwala kwa dzuwa kapena kwa babu. Mtundu umene ukuoneka wa kirimu wofewa pa tabuleti ukhoza kutuluka wachikasu ngati dzira pakhoma la chipinda choyang'ana kum'mawa, ndipo matabuleti awiri akhoza kuonetsa mtundu umodzi mosiyana. Mapulogalamu opaka khoma pachithunzi amathandiza kusankha pakati pa wobiriwira ndi wotuwa, basi. Mukafika posankha weniweni, tengani khadi la mitundu ku sitolo, lembani dzina ndi nambala ya mtunduwo m'kotesheni, ndipo mmisiri apake kachigawo ka mita imodzi pakhoma kuti mukaone m'mawa, masana ndi usiku musanagule ndowa ya malita 20.

N'chimodzimodzi ndi mapulogalamu oyezera ndi kamera. Amathandiza kuyerekeza kukula kwa chipinda mwachangu, koma kabati imene yalakwika ndi masentimita awiri silowa pamalo pake. Kalipentala amene akufuna kudula bolodi potengera muyezo wa kamera, muuzeni atulutse tepi.

Chinthu china chimene chimandivuta, monga munthu amene amaika zithunzi za ena pa intaneti, ndi chinsinsi cha m'nyumba. Tabuleti ya mmisiri imadzaza ndi zithunzi za zipinda zogona za anthu, pamene pali TV, mtundu wa loko wa chitseko chakumbuyo, zenera limene lilibe zitsulo zotchingira akuba, nkhope za ana. Chithunzi chotere chikaikidwa pa Facebook ndi dzina la dera, wakuba wapatsidwa mapu aulere. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA inapatsidwa udindo woliyang'anira, limafuna kuti amene akusonkhanitsa zokhudza anthu azizisamala ndi kuzigwiritsa ntchito pa chifukwa chovomerezeka. Ngakhale popanda lamulo, ndi ulemu chabe kupempha. Ine sindiika chithunzi cha m'nyumba ya munthu asanalembe kuti wavomera, ndipo ndimadula chilichonse chosonyeza kuti nyumbayo ili pati. Inunso eni nyumba muli ndi ufulu wonena kuti jambulani za ntchito koma musaike paliponse. Tabuletiyo ikhale ndi pasiwedi, chifukwa imagona pa saiti pamene pamadutsa anthu ambiri.

Fumbi, batire ndi bandulo

Kwa amene mukuganiza zogula, saiti si ofesi. Fumbi la simenti limalowa pobowo la tchaja, manja amakhala ndi penti, ndipo chipangizo chimagwa kuchoka pamakwerero. Chikwama cholimba ndi galasi lotchingira sikirini ndi zofunika kugula tsiku lomwelo. Padzuwa la mu Okutobala sikirini yotchipa sioneka n'komwe, choncho zokambirana zichitikire pamthunzi. Nyumba imene ikukonzedwa nthawi zambiri magetsi amakhala atadulidwa dala, ndiye mukaphatikiza ndi kuzimazima kwa masiku onse, power bank ndi chida ngati hamala.

Sankhani yolowa simu khadi. Matabuleti ambiri otchipa ndi a Wi-Fi yokha, ndipo mudzatopa ndi kuyatsa hotspot pa foni. WhatsApp Business, imene inayamba mu 2018, imalola kuika zithunzi za ntchito zanu ndi mitengo pamalo amodzi, kuika zizindikiro pa makasitomala monga amene akudikira kotesheni ndi amene sanamalize kulipira, ndiponso kulumikiza nambala imodzi ku zipangizo zina zinayi. Ndiye kuti foni ikhoza kukhala m'thumba, tabuleti n'kumayankha pa nambala yomweyo. Mukamagula iPad yogwiritsidwapo kale ntchito, onetsetsani kuti mwini wake wakale anachotsamo akaunti yake ya iCloud. Ikakhala yokhoma, mwagula thireyi yodula.

Bandulo imathera kwambiri pa vidiyo. Zithunzi zisanu patsiku ndi kuimba kwa vidiyo kamodzi pamlungu n'zokwanira. Ndipo zonse zisungidwenso kwina. Akaunti ya Google imapereka malo a 15 GB aulere, okwana makotesheni ndi zithunzi za ntchito zambiri ndithu. Tabuleti ikabedwa m'minibasi popanda zimenezi, mwabwerera ku thumba la simenti lija, mwinanso kuposa pamenepo chifukwa munasiya kusunga zinthu m'mutu.

Pali makasitomala ena amene sikirini imawatalikitsa. Ndinaona foromani akulowa m'nyumba ya gogo wina ku Chilinde, tabuleti ili m'chikwama. Anapereka moni, anafunsa za m'nyumba, anamvetsera nkhani yonse ya denga lodontha kuyambira chaka chimene malemu amuna awo analikhoma, ndipo chipangizocho chinatuluka patapita nthawi, atapempha kaye kuti amayi, ndingajambuleko pamene pakudonthapo? Kotesheni anawawerengera mokweza m'Chichewa, mzere ndi mzere, n'kuitumiza kwa mdzukulu wawo, komanso anawalembera papepala manambala akuluakulu atatu oti asunge m'Baibulo. Mnyamata wongoyamba kumene amene amalankhula ndi munthu wamkulu maso ali pa sikirini amaoneka wamwano, ngakhale masamu ake atakhala olondola chotani.

Zimene zili kuseri kwa pulasitala

Mwa zonse zimene ndinaona, chimene ndingakonde kuti mmisiri aliyense atengere n'chaching'ono kwambiri, ndipo sichitenga mphindi zisanu. Asanatseke khoma, mapaipi a madzi ndi a mawaya a magetsi akadali poyera m'ngalande zake, foromani amaimika tepi kuchokera pansi ndi kuchokera pakona, n'kujambula khoma lonse manambala a tepiyo akuoneka. Amachita chimodzimodzi ndi mapaipi a pansi asanathire konkire. Zithunzizo amaziika mufoda ya nyumbayo, pamodzi ndi nambala ya penti, chizindikiro cha bokosi la matailosi ndi malisiti a zinthu zokhala ndi waranti monga giza. Tsiku lopereka makiyi, foda yonse imatumizidwa kwa mwini nyumba.

Phindu lake limaoneka mochedwa. Pakapita chaka, wina amafuna kukhoma TV pakhoma kapena kupachika galasi m'bafa, ndipo amabwera ndi drill osadziwa chimene chili m'kati. Paipi ya madzi ikaboola, mumagumula matailosi amene munalipira modula. Waya wa magetsi akaboola, nkhani yake ikhoza kukhala ya kuchipatala. Ndili nawo pa saiti ina, foromani analandira uthenga kuchokera kwa mayi amene anawakonzera bafa chaka chapitacho, wofunsa ngati angakhome chopachikira matawulo kumanja kwa sinki. Anapukuta manja pa ovolosi, anatsegula foda ya nyumbayo, anakulitsa chithunzi n'kuona paipi ya madzi otentha ikukwera pamalo omwewo, masentimita 40 kuchokera pakona. Anajambula mzere wofiira pachithunzicho n'kuwayankha kuti akhome kumanzere.